Kodi boma litangolamula kuti mitengo isakwere, vuto lingakhale pati?

chaka_choyamba:

Moni nonse. Ndangoyamba kumene kuphunzira economics temu ino ndipo pali chinthu chikundizunguza mutu, ndinafunsa mkalasi koma yankho lake linali lothamanga nde sindinakhutire. Taphunzira za demand (kufunidwa kwa chinthu) ndi supply (kupezeka kwake pamsika), kuti chinthu chikamafunidwa ndi anthu ambiri koma chili chochepa mtengo umakwera, chikachuluka pamsika mtengo umatsika, mizere iwiri yopingasana ija ndaijambula kambirimbiri. Pa pepala ndikumva bwinobwino koma mumtima sizikulowa.

Chandipangitsa kulemba ndi ichi. Sabata yatha mvula inandipeza mnjira mwadzidzidzi, ndinathamangira kwa munthu wogulitsa maambulera, ambulera yomweyo yomwe ndinaifunsa mmawa kuli dzuwa anandiuza mtengo wowirikiza kawiri. Ambulera sinasinthe, iye sanaonjezere ndalama iliyonse pooda, chomwe chinasintha ndi choti ine ndinanyowa basi. Ndinagula chifukwa mchikwama munali mabuku ndi laputopu koma zinandiwawa kwambiri. Buku likuti imeneyo ndi demand yakwera, ine ndikuona ngati ndi dyera lomwe langopatsidwa dzina lakusukulu.

Nde funso langa ndi loti, boma lili ndi mphamvu, bwanji osangolamula kuti zinthu zofunika monga mafuta agalimoto, lendi ya nyumba ndi mankhwala zisapitirire mtengo wakuti? Aphunzitsi athu anangoti zimabweretsa kusowa kwa katundu nkupitiriza phunziro. Kusowa kumachokera kuti poti katunduyo analipo kale dzulo? Ndithandizeni chonde, sindikufuna kungoloweza kuti ndikhoze mayeso, ndikufuna ndimve.

mphunzitsi_wopuma:

Mwafunsa bwino mwanangu, ndipo kuwawa kwa mtima kumeneko musakutaye, ine phunziroli ndaliphunzitsa zaka zambiri ndipo ana omwe amafunsa chonchi ndi omwe amadzalimvetsa. Za dyera sindikutsutsani, wamaambulera uja amafunadi ndalama zanu. Koma taganizani, mmawa muja kuli dzuwa dyera analibe? Anali nalo lomwelo. Chomwe chinkamuletsa kukuuzani mtengo wowirikiza si chifundo ayi, ankadziwa kuti mungopukusa mutu nkumapita. Dyera limakhalapo tsiku lililonse, nde silingatiuze chifukwa chomwe mtengo wakwerera madzulo osati mmawa. Chinasintha ndi kuchuluka kwa anthu ofuna ambulera pa ola limenelo pamene maambulera anali omwe aja.

Tiyerekeze kuti anali ndi maambulera 20 ndipo anthu onyowa anali 60. Olo mutachita bwanji anthu 40 apita opanda ambulera, palibe lamulo lomwe lingasinthe masamu amenewo. Chotsala ndi choti 20 opeza aja asankhidwa bwanji. Mtengo ukakwera anthu amadzisankha okha, inu munali ndi laputopu munagula, wina kwawo ndi pafupi anangothamanga, wina anaima pakhonde kudikira kuti ikate. Mukauletsa mtengo kukwera kusankha sikutha ayi, kumangosintha njira. Tsopano akupeza ndi waliwiro, kapena mbale wake wa wogulitsayo, kapena woyamba kufika uja amagula asanu nkukaima pakona kuwagulitsa pa mtengo womwe munauletsa uja.

Koma ntchito yaikulu ya mtengo ndi yachiwiriyi, ndipo pa graph sioneka msanga. Mtengo ndi uthenga. Madzulo amenewo ogulitsa ena onse anaona kuti maambulera akuyenda, mawa lake wogulitsa zipewa naye wabwera ndi katoni ya maambulera, kosungira katundu aona kuti akutha aitanitsa ena ku fakitale, fakitale ionjezera maola antchito. Palibe amene wawalamula, mtengo ndi umene wawaitana. Akachuluka amayamba kulandirana makasitomala ndipo mtengo umatsika wokha. Mukautseka pakamwa mtengo uthengawu sufika, ndipo poipa kwambiri ndi pamene mtengo walamulidwawo uli pansi pa ndalama zomwe munthu waononga popanga kapena pooda katunduyo. Ndani angadzuke mmamawa kukagwira ntchito yoluza? Katundu wadzulo alipodi monga mwanenera, koma akatha sabweranso wina. Apo mpomwe kusowa kumachokera.

Izi anthu anaziyesa kalekale. Mu chaka cha 301 mfumu ya Roma Diocletian inakhazikitsa mitengo ya zinthu zoposa 1000, kuyambira tirigu mpaka malipiro a ometa tsitsi, ndipo wopyola mtengo chilango chake chinali imfa. Ngakhale ndi chilango choopsa chonchi amalonda ambiri anangochotsa katundu pamsika, ndipo lamulolo silinakhalitse. Vuto lenileni linali loti ndalama yawo inali itachepa mphamvu chifukwa mafumu ankachepetsa siliva mmakobidi, nde lamulo linkamenya utsi moto uli pomwepo.

Chitsanzo china ndi cha ku America. Pa 15 August 1971 pulezidenti Richard Nixon anaimitsa mitengo ndi malipiro onse kwa masiku 90, ndipo pa mafuta malamulowo anapitirira zaka zambiri. Mu October 1973 maiko achiarabu okumba mafuta anasiya kugulitsa ku America ndi maiko ena, mgolo umodzi unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12 mmiyezi yochepa. Poti mtengo wa pa pampu sunkaloledwa kuyenda momasuka, anthu analipira mwanjira ina, analipira ndi nthawi, maola ambirimbiri pamzere, mpaka madera ena anakonza zoti galimoto imwetse mafuta malinga ndi nambala yake, yothera pa 1, 3, 5 tsiku lake, yothera pa 2, 4, 6 tsiku lake. Malamulo otsala a mitengo ya mafuta anachotsedwa mu January 1981.

Za lendi taonani Stockholm ku Sweden, dziko lolemera komanso ladongosolo. Lendi kumeneko imayendetsedwa ndi malamulo ndipo ndi yotsikirapo kwa omwe ali kale mnyumba, koma wofuna kulowa amalembetsa pamzere nkudikira zaka, mkati mwa mzinda ena amapyola zaka 10. Yemwe ali mkati satuluka olo nyumbayo yamukulira, wachinyamata wongobwera kumene amakachita lendi kwa wina wochita lendi pa mtengo wokwera zedi. Walira mvula walira matope mwanangu, lamulo linathandiza ena koma matope ake anagwera omwe alibe mawu.

namwino_usiku:

Aphunzitsi ndakumvani ndipo za maambulera ndikuvomera, koma pepani sindingakhale chete chifukwa mwanayu watchulanso mankhwala ndipo mankhwala si ambulera. Wopanda ambulera amaima pakhonde mvula nkukata. Wodwala matenda a shuga amtundu woyamba akasowa insulin palibe khonde loimapo, masiku ochepa chabe ali mchipatala ali kayakaya. Ine ndawaonapo ndi maso angawa, mnyamata wina ankabwera mobwerezabwereza shuga atakwera koopsa, titamufunsa bwinobwino anaulula kuti ankadzibaya theka la mlingo kuti kabotolo kafike kumapeto kwa mwezi. Sanali wosamvera malangizo ayi, ankawerengera ndalama. Munthu ngati ameneyo simungamuuze kuti mtengo ndi uthenga, uthengawo iye waumva kale koma alibe poti nkuthawira.

Ndipo chomwe mabuku amanena mothamanga ndi ichi, demand sikutanthauza kusowa chinthu kapena kuchifunitsitsa, imatanthauza kuchifuna uli ndi ndalama mmanja. Wopanda ndalama pa graph paja sapezekapo nkomwe. Aphunzitsi mwati mtengo ukakwera anthu amadzisankha okha malinga ndi kufunitsitsa, koma nthawi zambiri limasankha ndi thumba, wolemera yemwe galimoto yake ili pafupi akhoza kugula ambulera yomaliza pamene mayi wobereka mwana kumbuyo akunyowa. Amartya Sen, katswiri wa zachuma yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anaona njala ya ku Bengal ku India ya 1943 ali mwana wazaka 9, njala yomwe inapha anthu pafupifupi 3 miliyoni. Atakula anafufuza nkuonetsa kuti chakudya sichinachepe kwambiri chaka chimenecho kuyerekeza ndi 1941 pomwe kunalibe njala, koma mitengo inathamanga chifukwa cha nkhondo pamene malipiro a aganyu ndi asodzi anatsalira mmbuyo. Msika unkayenda monga mwa malamulo ake anthu akufera pafupi ndi chakudya.

China, nkhani yoti mtengo ukakwera ogulitsa ena amabwera imatheka pokhapokha khomo lili lotsegula. Aliyense akhoza kuoda maambulera. Koma insulin wambiri padziko lonse amapangidwa ndi makampani atatu okha, kumanga fakitale yake ndi ndalama zankhaninkhani komanso zaka zambiri zopezera chilolezo. Omwe anatulukira insulin ku Toronto anagulitsa umwini wake ku yunivesite pa dola imodzi aliyense mu 1923 pofuna kuti aliyense aupeze, koma patapita zaka pafupifupi 100 ku America anthu ankavutikabe ndi mtengo wake mpaka lamulo la 2022 linaika malire a madola 35 pamwezi kwa omwe ali pa Medicare, inshuwalansi yaboma ya zaumoyo ya okalamba. Insulin sanasowe chifukwa cha lamulo limenelo. Nde si zoona kuti boma likangokhudza mtengo basi katundu athawa.

mphunzitsi_wopuma:

Amayi mwanena zoona ndipo zikomo pondikoka, ndinathamangira mbali imodzi. Pomwe wogulitsa ali yekha kapena ali ochepa, mtengo umakhala pamwamba kwambiri kuposa ndalama zopangira, nde boma likhoza kuutsitsa ndithu kampani nkumapindulabe, katundu osasowa. Ndi chifukwa chake pafupifupi kulikonse mitengo ya magetsi ndi madzi amipopi imaunikidwa ndi bungwe laboma, simungakhale ndi makampani khumi aliyense akukumba mapaipi ake mumsewu umodzi. Ndi chifukwa chakenso pali malamulo oletsa kampani kumeza anzake onse, ku America lamulo la Sherman la 1890 ndi lomwe linagwiritsidwa ntchito pophwanya kampani ya mafuta ya Standard Oil ya John D. Rockefeller kukhala makampani 34 mu 1911. Kungoti pa insulin paja kumbukirani kuti malire a madola 35 ndi a ndalama zomwe wodwala amatulutsa mthumba mwake, zotsalazo zimalipiridwa ndi inshuwalansi, nde wopanga sanauzidwe kuti agulitse moluza. Kusiyana kumeneko nkwakukulu. Pomwe ogulitsa ali ambirimbiri ndipo phindu la aliyense ndi lochepa kale, mukatsitsa mtengo ndi lamulo mwawathamangitsa. Wosauka ndi bwino kumuthandiza mwachindunji, kaya ndi ndalama kaya sabuside yolunjika kwa iye, kusiyana ndi kutsitsira aliyense mtengo kuphatikizapo wolemera kenako katundu nkusowa.

telala_wa_makina:

Ine sindinapite patali ndi sukulu koma izi zinandichitikira nde ndiloleni ndiikepo. Mu 2020 Covid itayamba mamasiki anasowa paliponse, omwe analipo mtengo wake unali wochititsa mantha ndipo anthu ankatukwana ogulitsa. Ine nthawi imeneyo ntchito yosoka inali itaima, kunalibe maukwati kunalibe mayunifomu asukulu, makina atangokhala akuchita dzimbiri. Nditaona mtengo wa masiki ndinatenga nsalu zotsala zija timataya pansi pa tebulo, ndinaphwasula masiki imodzi kuti ndione kadulidwe kake, nkuyamba. Zoona zake sindinayambe chifukwa cha chifundo, ndinayamba chifukwa ana amafuna kudya ndipo mtengo unali wabwino. Sabata yoyamba ndinkasoka mpaka usiku kwambiri msana kuwawa, mmawa zonse zatha ndisanamwe nkomwe madzi. Ndinaitana mphwanga kuti azidula ine ndizisoka, lasitiki naye anayamba kusowa nkukwera mtengo poti tonse tinkamufuna, ena tinayamba kusoka zingwe zansalu zomanga kumbuyo kwa mutu mmalo mwa lasitiki.

Koma sizinatenge nthawi. Telala aliyense anayamba kusoka, ngakhale omwe sanagwirepo makina anabwereka, kenako makatoni a mamasiki a ku fakitale anafika ambirimbiri. Kasitomala yemwe mwezi wathawo ankandichonderera anayamba kunenerera kuti apo akugulitsa motchipa, ndinatsitsa, mnzanga anatsitsanso, mpaka masiki inafika poti ukachotsa nsalu ndi ulusi palibe chotsala. Ndinasiya ndili ndi thumba lathunthu losagulidwa. Palibe wa boma anabwera kudzatiuza kuti titsitse, tinatsitsana tokha.

Nde achemwali amene mwafunsa, akanati alamule tsiku loyamba kuti masiki isapyole mtengo wakale ine sindikanatsegula makina, ndipo ndikudziwa anzanga ambiri sakanatero. Komanso amayi anamwino akunena zoona, masabata oyamba aja omwe analibe ndalama ankayenda opanda kanthu kukamwa, ndipo alipo anthu omwe anagula makatoni nkubisa kudikira kuti mtengo ukwerenso, amenewo ine sindiwaikira kumbuyo. Wosoka masiki yatsopano waonjezera katundu pamsika, wobisa wachotsa. Onse awiri apindula ndi mtengo wokwera koma si anthu ofanana.

chaka_choyamba:

Zikomo kwambiri nonse, atelala nkhani yanu yanditsegula maso kuposa graph. Koma aphunzitsi pali pena pandisokonezanso. Timati mtengo ukakwera demand imatsika. Komanso timati demand ikatsika mtengo umatsika. Nde mtengo ukatsika demand ikweranso, mtengo nkukweranso, basi kumangozungulira osatha? Chimayamba ndi chani kwenikweni, ndipo chimalamula mtengo ndi wogula kapena wogulitsa?

mphunzitsi_wopuma:

Apa mpomwe ana ambiri amagwera pa mayeso, ndipo vuto si inu, ndi mawu amodzi omwe tikuwagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana. Demand si nambala imodzi, ndi mndandanda wonse: pa mtengo uwu anthu angagule zingati, pa mtengo uwo zingati, mpaka mmunsi. Mzere wonse uja ndiye demand. Mtengo ukakwera mndandandawo susintha, mwangosuntha chala kuchoka pa malo ena a mndandanda kupita pa ena, anthu agula zochepa koma maganizo awo pa chinthucho ndi omwe aja. Nde kunena kuti mtengo ukakwera demand imatsika ndi kulankhula mwachidule komwe kumasokoneza, chomwe chatsika ndi kuchuluka kwa zogulidwa.

Mndandanda wonse umasintha pokhapokha chinthu china chakunja chasintha, osati mtengo wa chinthucho. Mvula yagwa, pa mtengo uliwonse anthu akufuna maambulera ambiri kuposa mmawa. Malipiro akwera, anthu achuluka mumzinda, chinthu china cholowa mmalo mwake chatchipa, kapena mphekesera yamveka kuti mawa chisowa. Kumbali ya supply chimodzimodzi, lasitiki wa atelala akadula, kapena pabwera makina atsopano osoka mwachangu, kapena msonkho wakwera, mzere wonse umasuntha. Nde mukapatsidwa funso dzifunseni kaye kuti chayamba kusintha kunjaku ndi chani ndipo chakhudza ogula kapena ogulitsa. Mukapeza chimenecho sunthani mzere umodzi, muone pomwe akumanirana tsopano, nkuima pomwepo. Sizizungulira chifukwa kukwera kwa mtengo kuja ndi zotsatira, si chiyambi chatsopano.

Zoti amalamula ndani, katswiri wa zachuma Alfred Marshall mu 1890 anayerekeza ndi sizasi, kufunsa ngati mtengo umapangidwa ndi demand kapena supply kuli ngati kufunsa kuti pepala ladulidwa ndi mpeni wammwamba kapena wammunsi. Ife timati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma pali nthawi zomwe mbali imodzi imakhala yomangika manja, ndipo apa mpomwe mfundo ya anamwino ikulowa. Mabuku amati elasticity, kutanthauza kuti anthu amasintha kagulidwe kawo kwambiri bwanji mtengo ukasintha. Chinthu chokhala ndi cholowa mmalo mwake, mtengo ukangokwera pang'ono anthu amathawa, wogulitsa alibe mphamvu. Chinthu chopanda cholowa mmalo ngati insulin, olo mtengo uwirikize anthu agulabe, agulitsa katundu wa mnyumba kuti agule. Nthawi nayo imasintha zinthu. Mafuta atakwera mu 1973 sabata yoyamba anthu sakanachitira mwina, galimoto ndi yomweyo ntchito ili kutali komweko, koma patapita zaka anayamba kugula tigalimoto tating'ono tosamwa mafuta kwambiri, makamaka ta ku Japan, ndipo mafuta a ku North Sea ndi ku Alaska anayamba kutuluka, mpaka mu 1986 mtengo unagwa kwambiri.

Ndionjezere chimodzi chomwe simunafunse koma ndi mtima wa nkhani yonseyi. Lamulo lililonse likabwera anthu sakhala chete ngati mitengo yamnkhalango, amayang'ana pomwe pali phindu nkusintha zochita. Mu 1902 ku Hanoi, nthawi ya atsamunda achifalansa, makoswe anachuluka mmipope yazonyansa ndipo ankaopa mliri. Akuluakulu analengeza kuti azilipira aliyense wobweretsa mchira wa khoswe. Michira inabwera yambirimbiri, koma posakhalitsa anayamba kuona makoswe opanda michira akuyenda mumzinda, anthu ankadula mchira nkumusiya khoswe kuti akaswane, ena mpaka anayamba kuweta makoswe kunja kwa mzinda. Boma linkafuna makoswe akufa koma linkalipira michira, nde linapeza michira. Ku Europe nako maboma atalonjeza alimi mtengo wokwera wa mkaka, alimi anachita zomwe aliyense akanachita, anaonjezera ng'ombe, batala anadzaza mosungira mpaka ankamutcha mapiri a batala, ndipo mu 1984 anachita kuika malire a mkaka womwe mlimi angatulutse, malire omwe anatha mu 2015.

Koma mphamvu yomweyi mukaigwira bwino imakugwirirani ntchito. Wogula jumbo yapulasitiki salipira kuipa komwe imadzetsa ikatsekereza ngalande kapena ikamezedwa ndi chiweto, amalipira ndi anthu ena, nde msika pawokha umatulutsa majumbo ochuluka kuposa oyenera. Katswiri wa zachuma Arthur Pigou anafotokoza zimenezi mu 1920 nkunena kuti chinthu chotere chiikidwe msonkho kuti mtengo wake unene zoona. Dziko la Ireland mu 2002 linaika masenti 15 pa jumbo iliyonse ya mshopu, silinaletse, silinamange munthu, koma kagwiritsidwe ntchito kanatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 aliyense, anthu anangoyamba kunyamula zikwama zawo. London mu 2003 inayamba kulipiritsa mapaundi 5 patsiku kwa galimoto yolowa pakati pa mzinda, Singapore inali itayamba kale zotere mu 1975. Onsewa ndi malamulo aboma, kungoti akuyenda ndi mtengo mmalo molimbana nawo.

wa_mgwirizano_wa_antchito:

Ndangofika mochedwa koma ndiikepo kamodzi, poti mlongo wathuyu akamaliza za malire a mitengo akumana ndi za malipiro ochepetsetsa omwe boma limalamula ndipo buku limuuza kuti boma likawakweza ntchito zimatha. Pa graph zimaoneka choncho ndithu. Koma mu April 1992 dera la New Jersey ku America linakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa madola 4.25 kufika 5.05 pa ola pamene Pennsylvania yoyandikana nayo sinakweze. Akatswiri a zachuma David Card ndi Alan Krueger anafufuza malo odyera pafupifupi 400 mbali zonse ziwiri asanakweze komanso atakweza, ndipo sanapeze kuti ntchito zachepa ku New Jersey. Akatswiri ena anatsutsa ndipo mtsutso ulipobe mpaka lero, koma Card anadzalandira Nobel mu 2021. Chifukwa chimodzi chomwe amapereka ndi chofanana ndi cha anamwino koma chotembenuza: pomwe olemba ntchito ali ochepa ndipo wantchito sangasamuke mosavuta, bwana amalipira pansi pa phindu lomwe wantchitoyo amabweretsa, nde pali mpata wokweza popanda kuchotsa munthu. Sindikunena kuti mungakweze mmene mungafunire ayi, mutawirikiza kakhumi mashopu atseka ndithu. Kukula kwa kukwezako ndi momwe msikawo ulili ndi zomwe zimanena.

namwino_usiku:

Aphunzitsi pa zothandiza wosauka mwachindunji tagwirizana, bola thandizolo lizifika mtengo usanamupweteke osati chaka chamawa, chifukwa odwala anga sadikira. Ndipo pali lamulo lina lomwe sitinalitchule lomwe silikhudza mtengo nkomwe. Kasitomala wa atelala akhoza kuitembenuza masiki nkuona ngati yasokedwa bwino, koma piritsi simungalione ndi maso kuti muli mankhwala enieni kapena choko, ngakhale ine namwino sindingadziwe. Pamenepo mpikisano pawokha umapindulira wachinyengo poti iye ndi amene angatchipitse kwambiri. Mankhwala a thalidomide ankagulitsidwa mmaiko ambiri kumapeto kwa zaka za mma 1950 ndipo amayi oyembekezera ankamwa kuti aletse nseru, ana oposa 10,000 anabadwa olumala manja ndi miyendo asanawachotse pamsika mu 1961. Ku America sanaloledwe chifukwa dokotala wina wa bungwe loona za mankhwala, Frances Kelsey, anakana kusaina mpaka ataona umboni wokwanira, kampani inamukakamiza kambirimbiri iye osagonja.

chaka_choyamba:

Ndakopera zonsezi mkope langa. Ndabwereranso ku funso lomwe ndinalakwa pa homuweki, linali loti chichitike ndi chani pa mtengo wa matayala mtengo wa rabala ukakwera, ine ndinasuntha mzere wa demand poganiza kuti matayala akadula anthu agula ochepa. Tsopano ndaona kuti rabala ndi nkhani ya opanga, nde wosuntha ndi supply, kupita kumanzere poti opanga atulutsa ochepa pa mtengo uliwonse, mtengo ukwera ndipo ogulidwa achepa koma demand ili pomwe inali. Aphunzitsi mundiuze ngati ndalakwitsanso.

Za wamaambulera uja mtima sunaphwe kwenikweni, ndikuonabe kuti akanatha kuonjezera pang'ono osati kuwirikiza. Koma dzulo ndadutsa pamalo pomwe paja kuli mitambo, ndinawerenga anthu anayi ogulitsa maambulera pomwe sabata yatha anali yekha, ndinafunsa mtengo kwa awiri ndipo onse anandiuza wotsika kuposa womwe ndinalipira ine.

mphunzitsi_wopuma:

Za matayala mwakhoza mwanangu, ndi supply kumanzere. Yesaninso ili musanagone: nkhani ndi ya matayala omwewo, koma tsopano mafuta agalimoto akwera kwambiri ndipo akhala okwera kwa zaka zitatu. Ndi mzere uti usunthe, kupita mbali iti? Mulembe yankho lanu pano ndidzaliona mmawa.